Pophunzira kujambula munthu, “zili bho” sathandiza

Mukatchula Chileka, anthu ambiri amaganiza zinthu ziwiri: ndege ndi nyimbo. Kuno n'kwawo kwa Daniel ndi Donald Kachamba, kwa Robert Fumulani, kwa Evison Matafale ndi anyamata a Black Missionaries. Mwana wokulira kuno sachita kuuzidwa mmene woimba amaphunzirira, amangoona yekha. Anthu amakhala pakhonde kapena pansi pa mtengo, wina akaphonya mnzake amamuyang'ana cham'mbali, nyimbo n'kuyambiranso. Palibe amene amanyamula gitala n'kumapita kwawo chifukwa choti wauzidwa kuti nsambo imodzi sinachunidwe. Aliyense amadziwa kuti khutu la mnzako ndi mbali ya maphunzirowo.

Wojambula pamanja sakhala ndi mwayi umenewu. Iye amabindikira yekha m'chipinda, kope pamwendo, pensulo m'manja. Akamaliza amatola chithunzicho pafoni n'kuchiika pa status, ndipo timitima ndi timoto timayamba kugwa ngati matalala. “Zili bho aise.” “Koma ndiye luso.” “Iwe udzapita patali.” Chonsecho munthu wa papepalayo mkono wake wafika m'mawondo, khosi lake lamera paphewa, ndipo atati akhale wamoyo sangaime ngakhale sekondi imodzi. Onse amene atumiza timitima aja aona kuti china chake sichili bwino. Palibe amene wanena.

Kwa miyezi ingapo tsopano ndakhala ndikukumana Loweruka lililonse ndi anzanga 7 amene tikuphunzira limodzi kujambula anthu. Ena ndife a kuno ku Chileka, ena ndi a ku Lirangwe, choncho timasinthana: sabata ino kuno, sabata yamawa uko, kuti ya minibasi isamapweteke mbali imodzi. Ulendo wake ndi wokatsikira pa Kameza, n'kukwera ina yolowera msewu wa M1, kudutsa pa Lunzu, n'kukafika thukuta lili kamukamu. Pagululi pali mmodzi amene anaphunzirako zojambulajambula ku yunivesite ku Zomba, pali achimwene ena amene amadalira kulemba zikwangwani za masaluni, mabutchala ndi magolosale, pali atsikana awiri amene angolemba kumene mayeso a Fomu 4. Otsalafe ndi aja tinasiyira kujambula ku pulayimale pa phunziro la Expressive Arts, kenako chithunzi chathu chomaliza n'kukhala cha mtima wa munthu m'kope la Biology. Mphunzitsi tilibe. Chimene tili nacho ndi maso 16, ndipo ndaona kuti kuphunzitsa dzanja n'kosavuta poyerekeza ndi kuphunzitsa pakamwa kunena zimene masowo aona.

Tiyambe ndi chifukwa chake munthu amavuta kujambula. Mukajambula mtengo wa mango n'kuwonjezera nthambi ziwiri, palibe amene angadziwe. Nyumba ikapendekeka pang'ono, anthu amangoti ndi yakale. Koma nkhope ya munthu tinayamba kuiwerenga tili kumsana kwa amayi athu, moti diso likangosuntha pang'ono pokha, ngakhale mwana wa ku mkombaphala amafunsa kuti, “Ameneyu watani?” Aliyense ndi katswiri woona kuti munthu wa papepala sali bwino. Ochepa ndi amene angaloze pamene pavutapo. Ndipo amene amaona mochedwa kuposa onse ndi wojambulayo, chifukwa akakhala ndi pepala limodzi maola awiri maso ake amazolowera, monga mmene mphuno imazolowerera fungo la m'nyumba mwako.

Vuto lina n'lakuti dzanja limakonda kujambula zimene mutu ukudziwa, osati zimene maso akuona. Pemphani mnzanu aliyense ajambule nkhope, mudzaona kuti maso wawaika m'mwamba, pafupi ndi tsitsi. Tsopano imani pagalasi muyeze ndi zala: kuchokera pachibwano kufika pamaso, ndi kuchokera pamaso kufika paliwombo, mtunda wake ndi wofanana. Maso ali pakati pa mutu. Timawakweza chifukwa nkhani zonse zili kumunsi, kumene kuli mphuno ndi pakamwa, ndiye chipumi ndi tsitsi timaziona ngati zopanda ntchito. Thupi lonse lili ndi miyezo yotere. Mukatsitsa mikono, chigongono chimakhala cha pamene nthiti zathera, ndipo nsonga za zala zimafika pakati pa ntchafu. Mukaitambasula, kuchokera kunsonga ya chala kufika kunsonga inayo kumafanana ndi msinkhu wanu, zimene Leonardo da Vinci anasonyeza cha m'ma 1490 pa chithunzi chake chija cha mwamuna woima m'kati mwa mzere wozungulira. Ojambula amayeza msinkhu ndi mutu: munthu wamkulu amakhala wotalika pafupifupi mitu 7 ndi theka, mwana wa chaka chimodzi mitu pafupifupi 4. N'chifukwa chake ambiri akajambula mwana amatuluka ngati kamdala kofupika. Amangochepetsa munthu wamkulu, kuiwala kuti mwana mutu ndi umene umatsogola kukula.

Miyezo imeneyi ili m'mabuku, ndipo limodzi mwa otchuka ndi la Andrew Loomis, Figure Drawing for All It's Worth, la mu 1943. Ndi buku labwino, sindikukana. Koma munthu amene Loomis amamukonda ndi wotalika mitu 8, wa mapewa ngati wosewera mufilimu, ndipo kumutu sanasenze kanthu. Mafupa athu ndi omwewo, koma ntchito zimene matupi athu amagwira ndi zina. Pitani pamjigo m'mawa. Mayi wasenza ndowa ya malita 20, amene ndi makilogalamu 20 a madzi okhaokha: khosi lili gwa, chibwano sichiwerama, mutu ukuyenda ngati uli panjanji, kugwedezeka konse kwatsikira m'chiuno. Mayi wobereka mwana amaweramira kutsogolo pang'ono polimbana ndi kulemera kwa kumbuyo. Wakabaza akamakwera chitunda amadzuka pachishalo, thupi lonse n'kulitsamiritsa pa mwendo umodzi. Agogo amakhala pamphasa miyendo ili tambalale, msana uli njo, kakhalidwe kamene ife ozolowera mpando sitingakwanitse mphindi 10. Zimenezi simudzazipeza m'buku lochokera ku America. Muyenera kupita kukaziona.

Chinthu chimodzi chimene chimagwira ntchito pa onsewa ndi ichi: kulemera kumafuna pogwera. Munthu akaima, yang'anani kadzenje kamene kali m'munsi mwa khosi, pakati pa mafupa awiri aja opita kumapewa. Mukatsitsa mzere wowongoka kuchokera pamenepo, ngati mmene mmisiri womanga nyumba amatsitsira chingwe chokhala ndi kachitsulo kunsonga, mzerewo umagwera pa phazi limene lanyamula thupi, kapena pakati pa mapazi ngati waimira onse awiri. Akaimira mwendo umodzi, chiuno cha mbali imeneyo chimakwera, phewa la mbali yomweyo n'kutsika. Mukaphonya zimenezi, ngakhale mutapaka mthunzi wokongola bwanji, munthu wanu amaoneka ngati akugwa kapena akuyandama.

M'masukulu a zojambulajambula a ku Ulaya ndi ku America, ophunzira amajambula munthu wosavala amene amalipidwa kuti aime patsogolo pawo, ndipo akhala akutero kwa zaka mazanamazana. Yesani zimenezo pa Lirangwe, dzuwa lisanalowe mudzakhala muli pabwalo la amfumu. Ife sitichita, ndipo sindiona kuti tikumanidwa zambiri. Timaimirirana tokha, wina atavala kabudula ndi malaya a mpira, ndipo mapewa, mawondo ndi akatumba zimaoneka bwinobwino. Chimene chimasokoneza kwenikweni ndi chitenje. Chimabisa miyendo yonse, ndiye wophunzira amangojambula mutu ndi mikono, kumunsiku n'kungozunguliza, mayi n'kutuluka ngati thumba la chimanga lomera mutu. Tsiku lina mmodzi wa atsikana aja anabweretsa chithunzi chotero, chimene anachivutikira sabata yathunthu. Maluwa a pachitenjepo anali okongola zedi. Pamkeka panali duu. Kenako mnzathu wophunzira ku Zomba uja anangoti, “Chemwali, tandilozereni pamene pali bondo lake.” Mtsikanayo anayendetsa chala pepala lonse, bondo osalipeza. Anaseka yekha. Palibe anamuuza kuti waphonya, koma kuyambira tsiku limenelo amayamba wajambula miyendo mopepuka, kenako n'kumuveka munthuyo chitenje. Atatero anaona yekha kuti makwinya a nsalu sabwera mwachisawawa: amayambira pamene nsaluyo yakoka, pachiuno pamene yamangidwa ndi pabondo limene latsogola.

Funso ngati limeneli silibwera lokha. Tinaleredwa kuti munthu akakusonyeza ntchito ya manja ake uyamikire, monga mmene umayamikirira nsima ya kwa eni ake ngakhale ili yosapsa. Ukanena zoona kwa mnzako amati uli ndi nsanje, ukanena kwa wamkulu amati ndiwe wamwano. Ndiye timathawira ku “zili bho”, mawu amene sapweteka aliyense komanso sathandiza aliyense. Mbali inayo nayo ilipo, ndipo ndi yoipa kuposa apa. Achinyamata tikamasukirana timadziwa kuseka. M'masabata oyambirira, mnyamata wina anayala chithunzi cha bambo ake, wina n'kunena kuti akuoneka ngati chidole choopsezera mbalame m'munda wa mapira. Kunamveka chikhakhali. Mnyamatayo anaseka nawo, anapinda pepala lake, ndipo Loweruka lotsatira sanabwere. Mpaka lero sanabwerenso. Ukamutumizira uthenga amangoti watanganidwa. Tinayamba tili 9. Amene ananena mawuwo nayenso anthu ake onse amapisa manja m'matumba, chifukwa zala zimamukanika. Anyani amasekana zikundu.

Zitachitika izi tinakhala pansi kukambirana mmene tizilankhulirana. Wa ku Zomba uja anatiuza za njira imene mayi wina wa ku America wopeka magule, Liz Lerman, anakonza mu 1990, yothandiza anthu a zaluso kuuzana zoona popanda kupwetekana. Mtima wa njirayo ndi wakuti maganizo ako amabwera kumapeto, ndipo umachita kupempha kaye. Poyamba oonera amanena chimene chawagwira mtima, kenako mwini ntchito amafunsa mafunso ake, kenako oonera amafunsa mafunso osabisa chiweruzo m'kati, ndipo pomaliza wina amanena kuti ali ndi maganizo pa chakutichakuti, mwiniwake n'kusankha kuwamva kapena ayi. Ife sititsatira zonse ndendende; Loweruka ndi lalifupi ndipo minibasi zamadzulo zimavuta. Koma tinatolapo zimene zikutithandiza.

Timayala mapepala onse pamkeka, n'kuwapsinja ndi timiyala chifukwa cha mphepo. Kwa mphindi ziwiri palibe wolankhula. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mawu oyamba kubwera pakamwa nthawi zambiri amakhala opanda pake. Kenako mwini chithunzi amanena chimene amafuna: mwina amalimbana ndi kupindika kwa msana basi, ndiye n'kupanda chilungamo kumuvutitsa za nkhope imene sanaigwire n'komwe. Lamulo limene timaliumirira kwambiri ndi la chala. Chilichonse chimene ukunena, chabwino kapena choipa, chala chako chiloze malo ake papepala. “Ndachikonda” saloledwa. “Apa, pamene phazi laponda, ndikumva kulemera” amaloledwa. Mukayesa mudzadabwa kuti kuyamikira koloza malo n'kovuta kuposa kudzudzula, komanso n'kumene kumaphunzitsa kwambiri, chifukwa wophunzira nthawi zambiri sadziwa chimene wachita bwino, ndiye mawa sangachibwereze.

Aliyense amaloledwa kutchula vuto limodzi lokha, lalikululo. Ngati mutu wakula kuposa thupi, palibe chifukwa chokambira nsidze. Ndipo palibe amene amakhudza pepala la mnzake ndi pensulo. Ukafuna kusonyeza, jambula pakapepala kako pambali. Ili ndinaliumirira ineyo, chifukwa munthu waluso akakonza mzere umodzi pachithunzi chako, chithunzicho chimakhala bwino koma dzanja lako silinaphunzire kanthu, ndipo ukachiyang'ana umangoona mzere wa eni ake.

Pali njira ina imene amailimbikitsa m'misonkhano ya m'maofesi, yoti uyambe ndi kuyamikira, pakati uikepo chidzudzulo, n'kumaliza ndi kuyamikiranso. Ine sindigwirizana nayo. Pakatha masabata awiri aliyense amakhala ataizindikira, ndipo ukamayamikira mnzako samva n'komwe, amangodikira liwu limodzi lija: “koma”. Chiyamikiro chimasanduka shuga wothira pa mankhwala owawa. Kuli bwino chabwino chinenedwe chifukwa chilipodi, ndipo ngati lero palibe, tingonena kuti lero sizinayende, tione chifukwa chake.

Nanga wamng'ono angamuuze bwanji wamkulu? Achimwene a zikwangwani aja ali ndi zaka zoposa 40, ali ndi banja, ndipo burashi ndi imene imadyetsa ana awo. Zilembo zawo n'zowongoka ngati zochita kudinda. Koma anthu awo onse ankaima mofanana, mapazi atayang'ana mbali imodzi, chifukwa kwa zaka zambiri akhala akukopera pa zithunzi za masitayilo a tsitsi, zimene zimathera m'khosi. Kwa milungu ingapo nkhaniyi inkangozunguliridwa. Amene anatsegula njira ndi wamng'ono pa tonsefe. Anagwada pamkeka paja, n'kuloza, n'kufunsa motsitsa mawu: “Achimwene, pepani, ineyo sindikumvetsa. Bambowa aimira mwendo uti?” Iwo anayang'ana nthawi yaitali, kenako anadzuka, n'kuyesa kuima mmene munthu wa papepalayo waimira. Anadzandira. “Eee, mwana iwe, wandigwira,” anatero. Chichewa chathu chili kale ndi zida zonenera zoona mwaulemu: “mwina”, “kapena ndi maso angawa”, “bwanji mutayesa”. Kungoti timazigwiritsa ntchito pothawa nkhani m'malo moifikitsa. Ndipo zimene achimwenewo anachita tinazitengera: tsopano tikakayikira chithunzi, mwini wake amadzuka n'kuyesa kaimidweko ndi thupi lake. Msana umanena msanga kuposa maso.

Kuti pakhale zokambirana payenera kukhala zojambula zambiri, ndipo apa ndi pamene anthu amanamizira umphawi. Ola loyamba timajambula mothamanga: wina amaima, foni imawerenga masekondi 30, ikalira amasintha kaimidwe. Palibe nthawi ya maso kapena zala, umangogwira kumene thupi likulowera. Njirayi anaitchukitsa ndi Kimon Nicolaïdes, mphunzitsi wa ku New York, m'buku limene linatuluka mu 1941 iye atamwalira kale. Zojambula zoterezi sizifuna pepala lodula. Timagwiritsa ntchito kuseri kwa mapepala a mayeso akale, nyuzipepala, makatoni a sopo, ndi makala a pambaula; odziwa kusankha amatola aja opepuka, ofewa, amene sakanda pepala. Ubwino wa pepala lotchipa ndi wakuti sulilira maliro. Munthu amene wajambula zithunzi 40 m'mawa umodzi samva kuwawa ukamuuza kuti chachitatu chapindika, pamene amene wagona pa chithunzi chimodzi mwezi wathunthu, ukachikhudza wakhudza mwana wake.

Tikatha apo timapita kumsika kapena pamalo okwerera minibasi, ndipo apa pali nkhani yofunika kusamala. M'Chichewa, mawu oti “kujambula” ndi amodzi kwa wa kamera, wa pensulo ndi wa wailesi, ndiye ukati, “Mayi, ndikujambuleniko,” iwo amayang'ana foni yako n'kufunsa kuti chithunzicho chikupita kuti. Ali ndi ufulu wofunsa. Timanena momveka kuti ndi pamanja, timaonetsa kope, timagulako tomato kapena mandasi, ndipo akakana timathokoza n'kupita. Kukhala pakona n'kumayang'anitsitsa munthu uku ukulemba m'kabuku, iye osadziwa, si nzeru. Amene tikukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017, zimene zinaphetsa anthu m'maboma a kuno kum'mwera, tikudziwa kuti mlendo wochita zosadziwika sapatsidwa nthawi yofotokoza. Ana sitiwajambula popanda kholo lawo, ndipo kumpanda wa bwalo la ndege sitiyandikirako ndi makope athu.

Koma ukapempha bwino, umapeza aphunzitsi amene sanagwirepo pensulo yojambulira. Mnzathu wina atajambula mayi wosenza ndowa pa Lirangwe, anaonetsa chithunzicho kwa amayi ogulitsa tomato. Iwo sanati “zili bho”. Mmodzi anayang'ana, anaitana mnzake wa pa benchi yoyandikana, n'kunena kuti, “Mwananga, ndowa imeneyi ikanakhala yanga bwenzi madzi atatayika kalekale. Waikhazika pachipumi. Nanga nkhata ili kuti?” Ananena zoona. Ndowa imakhala paliwombo, molunjika ndi msana, ndipo mayiwo amadziwa zimenezi ndi khosi lawo. Palibe buku la miyezo limene likanamuuza mnzathuyo zimenezi.

Foni nayo ndi mnzako wachiwiri ngati ukudziwa pomufunsa. Tolani chithunzi cha zimene mwajambula, kenako muchitembenuze kuti kumanja kukhale kumanzere. Mafoni ambiri ali ndi kabatani kameneka pamalo okonzera zithunzi. Nsagwada yopotoka imene simumaiona imatulukira nthawi yomweyo. Si nzeru yatsopano: Leonardo yemwe uja ankalangiza ojambula kuti aziyang'ana ntchito yawo pagalasi, kuti ioneke ngati ya munthu wina. Kapena koperani chithunzi mutachizondotsa, mutu pansi miyendo m'mwamba, monga mmene Betty Edwards anaphunzitsira m'buku lake la mu 1979. Ubongo ukasiya kuzindikira kuti “ili ndi diso”, umayamba kuona mizere mmene ilili. Koma chenjerani ndi kukopera zithunzi za pafoni zokhazokha. Kamera imakulitsa chilichonse chimene chili pafupi nayo, n'chifukwa chake pa selfie mphuno imatupa, makutu n'kuthawira kumbuyo. Mukakopera mokhulupirika, mwakoperanso bodza la kamerayo.

Sabata iliyonse pamapezeka wina wodziteteza ndi mawu akuti, “Ndi sitayilo yanga.” Nthawi zina amakhala akunena zoona, ndipo n'koyenera kumumvetsera. Kujambula sikunayambe ndi miyezo ya mitu 8. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 2006. Zambiri mwa zithunzi zoyera za kumeneko anajambula ndi Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau, ndipo palibe amene ankayeza chigongono. Cholinga chawo chinali kuphunzitsa ndi kukumbutsa, osati kufananiza nkhope. Chitsanzo cha masiku ano ndi Samson Kambalu, amene anaphunzira ku Chancellor College n'kudzakhala mphunzitsi ku Oxford. Mu 2022 chiboliboli chake chotchedwa Antelope chinaikidwa pa Trafalgar Square mumzinda wa London. Anachitengera pa chithunzi cha mu 1914 cha John Chilembwe ndi mmishonale wachizungu John Chorley. Pachithunzi choyambiriracho ndi anthu awiri oima limodzi basi, koma pachibolibolicho Chilembwe ndi wamkulu pafupifupi kawiri kuposa Chorley, chipewa chili kumutu, pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Miyezo yaphwanyidwa dala, ndipo uthenga wonse uli m'kuphwanyako. Ndiye munthu akati ndi sitayilo, timamufunsa funso limodzi: utafuna, ungathe kuujambula mkonowu mmene ulili? Akatha, n'kusankha kuutalikitsa, ife timatseka pakamwa. Akalephera, ndiye kuti sanasankhe; pensulo ndi imene yamusankhira.

Wina angafunse kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani masiku ano pamene foni ikhoza kukupangira chithunzi cha munthu m'masekondi ochepa. Funsoli timalikambirana, ndipo sitigwirizana tonse. Chimene ndikuona ine n'chakuti ntchito zilipo zimene zimafunabe dzanja ndi diso: khoma la saluni pa Lunzu, chithunzi cha malemu chimene banja likufuna kuchokera pa kachithunzi kofwifwa ka pachiphaso chakale, mabuku a ana, makatuni, zithunzi zophunzitsa za umoyo zimene mayi wa kumudzi ayenera kudzizindikira kuti ndi iyeyo. Ngakhale amene amagwiritsa ntchito makinawo amafunika diso lodziwa kuti phewa ili silili m'malo. Ndipo kasitomala sanena “zili bho”. Amayang'ana kamodzi, n'kuti, “Awa si mayi anga,” ndalama yotsala osapereka. Kuli bwino mawu oterewa uwamve Loweruka pamkeka, kwa anzako, pepala likadali lotchipa.

Mwezi uno tagwirizana kuti palibe kubisa. Mwaonapo kuti anthu ojambulidwa ndi ophunzira amakonda kuima m'udzu wautali, manja ali kumbuyo? Si kuti ojambulawo amakonda udzu ayi. Dzanja limodzi lili ndi mafupa 27, phazi 26, ndipo chilichonse chimapindika mwa njira yakeyake. Choncho mpaka mwezi uthe aliyense azibweretsa manja 20 ndi mapazi 20 sabata iliyonse: dzanja la kondakitala lopanira ndalama zamapepala pakati pa zala, manja a mayi opeta chimanga palichero, phazi la wakabaza mu patapata pa pedulo, chidendene chong'ambika cha munthu wochokera kumunda. Achimwene a zikwangwani aja pofika Lachitatu anali atajambula kale manja 12, onse akumanzere, chifukwa lamanjalo linali ndi pensulo.